Lamba wa Mandolini ya Amuna Anga

1

Ine sindine wolemba nkhani. Ndine wosoka zikwama, malamba ndi matenti, msana wanga unapindikira pamakina, ndipo ndilibe nthawi yokometsera mawu. Ndinena momwe zinakhalira, muweruze nokha.

Tsiku limene achipatala anandibwezera amuna anga kuti ndizikawasamalira kunyumba, dokotala anandikokera pambali. Anati mtima watopa, tisamawerengenso miyezi koma masabata. Masana a tsiku lomwelo mwana wathu wachisamba anafika. Anaima pageti, kamwana kake kali m'manja, dzuwa likuwaphula onse awiri. Zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitadutsa asanapondepo phazi pakhomo pathu.

Ndinalowa kuchipinda. Bambo ake anali atatsamira mapilo atatu, miyendo itatupa, akupuma ngati munthu wokwera masitepe ndi thumba la simenti.

"Kasingano wabwera," ndinatero. Dzinali anamupatsa okha ali wamng'ono, chifukwa ankakonda kukwawira pansi pa makina anga kutola masingano.

"Wabwera kudzatani? Kudzandimaliza?"

"Bambo, ndi mwana wanu. Wabwera ndi mdzukulu yemwe simunamuonepo."

Anakweza dzanja lawo lamanzere, lija lopindika ngati mbedza, zala zitauma gwa.

"Mphatso yake ndili nayo kale, ndi iyi. Muuzeni abwerere komwe wachokera."

Ndinatuluka kukamuuza. Sanalire. Anangondiyang'ana m'maso nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndibweranso Lachisanu, amayi. Mwina pofika tsikulo wina adzakhala atayankhula."

Usiku ndi usana mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Amuna anga akanafa akudana ndi mwana wawo, ndipo panali munthu mmodzi yekha yemwe akanatha kuletsa zimenezo.

2

Amuna anga ankaimba mandolini. Anthu onse ankawatchula kuti a Zala, ndipo dzinalo linawayenera, sindikana. Pakati pa sabata ankapenta nyumba za anthu. Loweruka ankaimba ndi kagulu kawo ka anthu asanu m'maholo ndi m'malo odyera.

Ngati simunagwirepo mandolini, ndikuuzeni. Ndi yaing'ono, ili ndi nsambo zisanu ndi zitatu, ndipo yawo inali ya msana wozungulira, wosalala ngati mbale yovundikira. Ukakhala pampando imagona pantchafu, palibe vuto. Koma ukaimirira imaterereka pamimba ngati sopo wonyowa. Mutu wake umalendewera pansi, nkhope yake imatembenukira kudenga. Ukati uigwirire ndi dzanja lamanzere kuti isagwe, zala zimamangika, sizithamanganso pansambo.

A Zala sankaimba atakhala. "Kukhala pampando ndi kwa anthu osoka," ankatero, akundipsinyira diso. Anzawo ankaseka. Ine ndinkangopitiriza kupalasa makina.

Kuti mandolini ikhazikike munthu ali chilili pamafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi mkono wamanja, wongotsamira m'mphepete, osafinya. Chachiwiri ndi lamba wodutsa paphewa: mbali ina amamangidwa ndi chingwe kumutu wa mandolini, mbali inayo chikopa chimapindidwa, kusokedwa, n'kubooledwa kuti chikole kachikhomo kakumunsi. Chachitatu ndinachitulukira ndekha chaka chomwe tinakwatirana. Pa malaya awo aliwonse oimbira ndinkasokapo chigamba cha nsalu yokhakhala pamimba, cha mtundu womwewo wa malayawo kuti chisaoneke, kuti msana wosalala uja uzipeza pogwira.

Ndiye kuti ziwiri mwa zitatuzo zinali ntchito yanga. Kwa zaka makumi awiri ndinasoka malamba, ndinalimbitsa mabowo akayamba kukula, ndinasita malaya Lachisanu lililonse ana akundikoka siketi. Anthu ankaombera m'manja zala za a Zala. Palibe yemwe ankadziwa kuti zalazo zikuthamanga chifukwa cha singano wanga. Ngakhale eni akewo sindikumbuka kuti anatipo zikomo.

3

Kasingano atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anayamba kugwira nane ntchito kushopu. Anali ndi manja abwino mwanayo, msoko wake unkayenda mowongoka ngati wachita kujambula ndi lula. Tsiku lina anatenga chikopa chofiirira chomwe chinatsala pa chikwama cha kasitomala, n'kusokera bambo ake lamba. Anamupanga wotambalala zala zitatu, kunsi kwake anasiya kokhakhala kuti asamaterereke paphewa, ndipo pakachikhomo paja anasoka kawiri.

Bambo ake anamuvala pabalaza. Anaimba pang'ono, anagwedeza chiuno, anawerama, anadzuka. Mandolini ili phee. Kenaka anachita zomwe sindinawaonepo akuchita: anachotsa manja onse awiri n'kuwakweza m'mwamba.

"Taonani! Sindikuigwira! Zaka zonsezi ndavutika ndi mandolini iyi, kani mankhwala ake amakulira m'nyumba mwanga momwemu!"

Ine ndinali pakona, simbi ili m'manja, ndikusita malaya awo a chigamba.

"Nanga malamba anga aja anakugwetseranipo?" ndinafunsa.

"Aa, mayi, anu aja anali omangira katundu panjinga. Uyu ndiye lamba."

Kasingano anaseka mwamanyazi. Inenso ndinaseka, mano okha.

M'gulu lawo munali mayi wina woimba, wamilomo yofiira, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Lachisanu la sabata yomweyo amuna anga anaiwala chakudya chawo chamasana, ndiye ndinawapititsira ku galaja komwe ankakonzekera. Ndinapeza mayiyo ataima kumbuyo kwawo, akuwakonzera lamba paphewa. Zala zake zinali pakhosi pawo, ndipo sizinkafulumira kuchokapo.

"Ndi inu, mayi?" anatero mayiyo atandiona. "Mwana wanu ali ndi manja! Aziyamba kukuphunzitsani ndi iyeyo tsopano."

Onse anaseka. Amuna anga anaseka kuposa onse.

"Mawa mubwere," anandiuza. "Pothera nyimbo yomaliza ndidzakweza manja holo yonse ikuona. Ndidzawauza kuti wasoka ndi mwana wanga."

Ndinaika chakudya pamwamba pa sipikala n'kubwerera kushopu.

4

Loweruka masana holo ya ogwira ntchito kufakitale inadzaza. Nsanja yake inali yaitali mpaka m'chifuwa cha munthu, ndipo kutsogolo kwake kunali masitepe a simenti asanu. Kasingano anakhala mzere woyamba, atavala delesi lake lobiriwira. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Kunkatentha.

Anaimba bwino tsiku limenelo, mwina kuposa masiku onse. Nyimbo yomaliza itayamba, anasendera kutsogolo mpaka nsapato zawo zinafika m'mphepete mwenimweni mwa nsanja. Zala zikuthamanga, thukuta lili kamukamu, anthu ataimirira. Anafuula pamaiki:

"Lamba uyu wasoka ndi mwana wanga, uyo wakhala apoyo! Taonani!"

Anakantha nsambo komaliza mwamphamvu, analumpha pang'ono, n'kukweza manja onse awiri.

Ndinamva kaphokoso kakang'ono, kapena ndinangoganiza kuti ndamva. Chikopa chinatambasuka pakachikhomo. Mandolini inapendama, inazungulira, n'kuyamba kugwera kumasitepe.

Munthu wanzeru akanaisiya igwe. Koma iwo ankaikonda ngati mwana. Anaidumphira ndi manja onse, phazi linaponda mphepo, ndipo anagwa chamutu kuchokera pansanja. Dzanja lamanzere ndi lomwe linafika poyamba pakona ya sitepe, thupi lonse n'kuligwera pamwamba.

Kasingano anakuwa. Kukuwa kumeneko ndimakumvabe makina akangosiya kulira.

Pomwe anthu ankawanyamula, ine ndinakankhana ndi chigulu kufika pamasitepe paja. Mandolini ndinaipeza, itang'aluka kumsana. Lamba ndinamufunafuna pansi pa mipando, kuseri kwa masipikala, paliponse. Sindinamupeze.

5

Mafupa a polumikizira dzanja anaphwanyika pasanu. Anawang'amba kawiri, anawaika tizitsulo, anawaveka chikhakha miyezi itatu. Tsiku lochotsa chikhakhacho dokotala anawauza mosabisa kuti zala ziwiri sizidzapindikanso, ndipo zinazo sizidzatambasuka. Mayi wamilomo yofiira uja anabwera kudzazonda kawiri. Mwezi usanathe gulu linali litapeza woimba gitala.

Tinafika kunyumba tonse atatu. Amuna anga anakhala pampando wa pabalaza, dzanja lili pamiyendo ngati chinthu cha eni ake.

"Kasingano, bwera kuno. Unandiuza kuti wasoka kawiri."

"Ndinasoka kawiri, ababa."

"Ukunama. Unkathamangira kutamandidwa."

"Ababa, ndikulumbira. Ndinayamba ndakoka ndi manja anga onse, sunasunthe."

Anatembenukira kwa ine. "Amayi ako ndi awa. Zaka makumi awiri sanandigwetserepo mandolini ngakhale kamodzi. Mayi, tanenani inu odziwa ntchito. Msoko wosokedwa bwino umamasuka wokha?"

Kasingano anandiyang'ana. Ang'ono ake awiri anali ataima pakhomo la kukhitchini, mbale zili m'manja.

"Ayi," ndinatero. "Sumasuka wokha."

Sindinaname. Koma ndi mawu amenewo ndinamukwirira mwana wanga ali moyo.

Kuyambira tsikulo bambo ake sanamuitanenso ndi dzina. Akalowa pabalaza, iwo ankatuluka. Akaphika ndi iye, sankadya. Ntchito yopenta inawavuta, kukwera makwerero ndi dzanja limodzi si masewera, ndiye ankakhala pakhomo tsiku lonse akumuyang'ana ndi maso oipa. Patatha miyezi inayi Kasingano analongedza kachikwama n'kupita. Anakapeza ntchito yochapa mabulangete pahotela ina kutali. Anakwatiwa ife kulibe. Ndinamva kwa anthu kuti sakhudzanso singano, batani likathothoka amakapereka kwa telala.

Mandolini amuna anga anaimata ndi guluu n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Inakhala pomwepo zaka zisanu ndi ziwiri, ikusonkhanitsa fumbi. Ine ndinkasamalira amuna anga ngati dzira. Ndinkawamangira zingwe za nsapato, ndinkawadulira nyama m'mbale. Anansi ankati, "Koma a Zala anakwatira mkazi."

6

Tsopano ndinene zomwe ndakhala ndikuzizungulira.

Makina osokera amasoka ndi ulusi uwiri, wapamwamba ndi wapansi. Umakolana mkati mwa chikopa. Ukadula wapamwamba aliyense amaona. Koma ukatembenuza n'kudula wapansi wokha, apa ndi apo, wapamwamba umagonabe bwinobwino ngati palibe chachitika. Msokowo umanyamulabe katundu wopepuka. Umangodikira tsiku lomwe wina adzaukoke modzidzimutsa.

Loweruka lija m'mawa amuna anga anapita kukameta. Kasingano anali kubafa. Mandolini inali pabedi, lamba ali pompo. Ndinatenga lezala watsopano, ndinatembenuza chikopa pomwe chimapindikira, n'kudula ulusi wapansi pasanu ndi kamodzi, mizere yonse iwiri. Ndinasalaza ndi chala. Ntchito yonse sinatenge mphindi imodzi. Kenaka ndinapita kukaanika zovala.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinachita chifukwa cha mayi wamilomo yofiira uja. Mpaka lero sindidziwa ngati panali kanthu pakati pawo, ndipo kunena zoona sichinali chimenecho. Chomwe chinandiwotcha ndi chakuti zikomo yemwe ndinamudikira zaka makumi awiri anaperekedwa kwa wina ine ndikuona, simbi ili m'manja. Ndinachitira nsanje mwana wobereka ndekha. Ndinkafuna mandolini igwe, anthu aseke, amuna anga abwere kunyumba ndi manyazi n'kunena kuti, "Mayi, tandisokerani lamba wanu uja." Basi. Ndinkafuna igwe mandolini, osati munthu.

Ndipo atagwa munthu, ndinali ndi mpata wonena. Kuchipatala ndinali ndi mpata. Pabalaza paja ndinali ndi mpata. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa, kenaka kunali ana opita kusukulu, kunali makasitomala, kunali dzanja lofunika kulitikita. Mawa anakhala zaka zisanu ndi ziwiri.

7

Lachisanu Kasingano anabweradi, mwana atamusiya kwa amuna ake. Ulendo uno sindinakafunse chilolezo. Ndinamugwira dzanja n'kulowa naye kuchipinda.

"Ndinati chiyani ine?" amuna anga anatero, akulimbana ndi mpweya. "Mukufuna ndifere pomwepa?"

"Khalani chete, bambo. Lero ndiyankhula ndine."

Ndinanena zonse nditaimirira. Lezala, ulusi wapansi, kuanika zovala. Sindinalire, sindinagwade, ndinangonena ngati ndikuuza kasitomala chomwe chavuta pachikwama chake.

"Mukunama," amuna anga anatero. "Mukufuna kumuyeretsa ndisanafe."

Kasingano anatsegula chikwama chake. Anatulutsa kapepala kapulasitiki, ndipo m'menemo munali lamba uja, atauma, atada. Anamuika pabulangete, anatembenuza popindikira paja.

"Onani, ababa. Ulusi ukaduka wokha umanyenyeka ngati ndevu. Uwu ndi wodulidwa ndi lezala. Werengani, pasanu ndi kamodzi."

Ndinamufunsa kuti, "Unamutola ndiwe?"

"Anthu asanakunyamuleni n'komwe, ababa, ndinali nditamubisa m'delesi. Ndinkafuna ndione pomwe ndinalakwitsa. Ndinaona tsiku lomwelo." Anatembenukira kwa ine. "M'nyumba muno odziwa za ulusi wapansi tinalipo awiri, amayi. Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye unakhaliranji chete?" bambo ake anafunsa. Mawu awo anali ngati a mwana.

"Mukanawathamangitsa. Inu dzanja mulibe, ang'ono anga ali kusukulu, akanawalera ndani? Komanso ndinkati anena okha. Tsiku lija munawafunsa pabalaza ndinati, tsopano anena. Tsiku lomwe ndinkalongedza ndinapinda zovala pang'onopang'ono, kuti mwina alowa anene. Anandibweretsera sopo ndi thaulo."

Ndi zoona. Ndinamubweretsera sopo ndi thaulo.

Amuna anga anatenga lambayo ndi dzanja lawo labwino. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka, osandiyang'ana ngakhale pang'ono, anati:

"Mayi, tulukani. Kasingano, khala apa."

8

Anakhala ndi moyo masiku khumi ndi limodzi. Kasingano anasamukira kwathu ndi kamwana kake, ndipo ndi iye amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Ine ndinkaphika n'kusiya mbale pakhomo la chipinda. Ndinkagona pabalaza. Sanandikalipire, sananditukwane. Sanandiyankhulenso basi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, cha m'mawa, Kasingano anabwera kukhitchini.

"Ndibwerekeni singano wamkulu ndi ulusi wa phula."

"Ndikusokere ine?"

"Ayi."

Ndinamupatsa. Patapita ola ndinadutsa pakhomo la chipinda ndi ndowa, ndipo chitseko chinali chotseguka pang'ono. Ndinaima.

Kasingano anali atatsitsa mandolini pawadiropu, ataipukuta. Bambo ake anali atavala malaya awo akale a chigamba, omwe tsopano ankawakwana awiri. Anawaimiritsa pambali pa bedi, iye ali kumbuyo kwawo, atawakumbatira m'chiuno kuti asagwe. Lamba anali paphewa, msoko watsopano ukuoneka woyera pachikopa chakuda. Nsambo zitatu zinali zoduka, ndipo dzanja lambedza lija silikanatha kugwira kalikonse. Anangotsamiritsa mkono wamanja m'mphepete monga kale, n'kukanda nsambo kamodzi. Phokoso lake linali loipa.

"Wandigwira?" anafunsa.

"Ndakugwirani, ababa."

Pang'onopang'ono anakweza manja onse awiri. Mandolini inakhala phee pamimba pawo.

"Uyu ndiye lamba," anatero.

Ndinanyamula ndowa yanga n'kupitirira.

Papita chaka tsopano. Kasingano amabwera kamodzi pamwezi. Amandipatsa moni mwaulemu, amandifunsa za msana, amandilola kunyamula mdzukulu. Ndinamusokera mdzukuluyo kachikwama kakusukulu, kokongola, kosoka kawiri. Analandira n'kuthokoza. Sindinamuonepo mwanayo atakabereka. Sindifunsa.

Inu amene mukuwerenga, makamaka azimayi anzanga amene mumagwira nyumba kuti isagwe wina akuomberedwa m'manja, ndikudziwa kutopa kwanu. Sindikuuzani kuti muzipirira, ine kupirira n'komwe kunandiwolera m'mimba. Ngati mukufuna zikomo, tsegulani pakamwa mumupemphe, ngakhale mokalipa, ngakhale mbale zisweke. Ine ndinasankha lezala chifukwa sachita phokoso. Ndipo ngati munadula kale penapake, wina n'kusenza mlandu wanu, musadzinamize kuti sakudziwa. Mwina akupinda zovala pang'onopang'ono, akumvetsera ngati mukubwera.

Mandolini anaitenga Kasingano. Malaya a zigamba anandisiyira ine. Alipo asanu ndi awiri m'wadiropu, ndipo Lachisanu lina lililonse ndimapezeka ndayatsa simbi ndisanakumbuke kuti palibenso wowavala.